GITALA YA MAGETSI NDI MAU OBWERERA

Lero ndifuna kuceza makamaka ndi inu anyamata oyimba gitala ya magetsi, za kacitsulo kamodzi ka pa ampulifaya kolembedwa mau akuti "Reverb". Ambiri amakapotokola kufikira kumapeto, osadziwa nchito yace, ndipo nyimbo imaonongeka.

Tiyambe ndi cinthu cimene tonse ticidziwa. Munthu akapfuula pafupi ndi phiri, mau ace amabwerera kwa iye. Mau amayenda mamita ngati 340 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda thanthwe kapena khoma amabwerera. Khomalo likakhala patali koposa mamita 17, khutu limamva mau awiri, oyamba ndi obwerera. Koma m'calici copanda anthu makoma ali pafupi, motero mau amagunda uku ndi uku kambirimbiri, nasanganikirana, nazirala pang'onopang'ono ngati mcira wa liu loyamba lija. Mcira umenewu ndiwo reverb. M'nyumba ya udzu yodzala ndi anthu mciraWo sumveka, pakuti udzu ndi zobvala zimameza mau.

Tsono gitala wamba iri ndi mimba ya matabwa m'mene mau amalira asanaturuke. Gitala zambiri za magetsi ziribe mimba yotere. Pansi pa zingwe zace pali maginito okulungidwa ndi waya, amene amamva kunjenjemera kwa cingwe cokha basi. Cifukwa cace liu lace limaturuka louma, monga ngati gitalayo siiri m'cipinda ciri conse. Nchito ya reverb ndiyo kuibwereka cipinda.

Poyamba ojambula nyimbo anali kugwiritsa nchito zipinda zenizeni: sipika mbali yina, maikolofoni mbali yinzace. Ku Phoenix, m'dziko la America, Lee Hazlewood anapeza thanki yaikuru ya madzi yopanda kanthu, ya magaloni 2,000, nalowetsamo mau a gitala ya Duane Eddy. Ndimo munacokera kulira kwakuya kwa nyimbo ya "Rebel-'Rouser" ya 1958. Mu 1957 kampani ya EMT ya ku Germany inapanga njira yina, ya cipepala ca citsulo, mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, cimene cimanjenjemera mau akalowamo. Koma makina amenewa analemera makilogalamu oposa 250. Ndani akanawasenza kupita nao ku dansi?

Cimene cinathandiza woyimba wamba ndico sipuling'i, waya uja wopotanapotana. Laurens Hammond anaiyika m'malimba ace a magetsi cha m'ma 1939, kuti limba la m'nyumba limveke ngati la m'calici. Mau amagwedeza nsonga imodzi ya sipuling'i, kugwedezekako kumathamanga kufikira nsonga yina, nkubwerera, nkupitanso, mpaka mphamvu yace itatha. Mu 1961 kampani ya Fender inaturutsa bokosi la masipuling'i la oyimba gitala, ndipo mu 1963 inawamangira m'kati mwa ampulifaya yochedwa Vibroverb. Dick Dale ndi anzace a ku California anakonda kwambiri liu lace lomveka ngati madzi akudontha m'phanga. Mukagwedeza ampulifaya yotere mudzamva ngati bingu. Musaope, ndi masipuling'i akugundana. Mu 1976 EMT inaturutsa makina ocita nchitoyi ndi masamu a kompyuta, ndipo lero kabokosi kamodzi kopondera ndi phazi kamatsanzira zonsezi.

Bokosi la Fender lija linali ndi zopotokola zitatu, ndipo wozimvetsa izi sadzabvutika ndi makina ena. "Dwell" ndiyo mphamvu imene mau amagwedezera masipuling'i. "Mixer" imasanganiza liu louma ndi mcira wace. "Tone" imaupatsa mcirawo kuthwa kapena kufatsa.

Nanga muyeso wabwino ndi uti? Yambani mutatseka zonse. Imbani cingwe cimodzi, ndipo onjezani pang'onopang'ono kufikira mutayamba kuumva mcirawo. Pamenepo bwezani pang'ono. Nyimbo yofatsa, ya mau otalikirana, imalola mcira wautali. Koma nyimbo yothamanga, monga kalindula kapena rumba ya zala zofulumira, ifuna waufupi, cifukwa mcira wa liu loyamba ukakwirira laciwiri, obvina sadziwanso poponda. Kumbukiraninso kuti holo ya makoma a simenti ndi denga la malata iri kale ndi reverb yaceyace. Cimene munakonza masana holo iri yopanda anthu cidzamveka mosiyana usiku anthu atadzaza, tsono mverani kaciwiri.

Cotsiriza ndi ici, ndipo ndico cacikuru. Reverb imabisa zolakwa. Cala cikaterereka, mcira umaphimba, ndipo mnyamata amadziyesa katswiri pamene sanafike. Tsiku limene adzayimba pa ampulifaya ya mnzace yopanda reverb, manyazi adzamgwira pamaso pa anthu. Cifukwa cace pophunzira kunyumba tsekani kacitsuloko, kuti khutu lanu limve coonadi ca zala zanu. Reverb iri ngati mcere: ndiwo yophikidwa bwino imakoma nao, koma yosapsa, ngakhale muthire wocuruka motani, ikhalabe yosapsa.

Tsalani bwino, anzanga, mpaka tidzacezenso.