ZITHUNZI ZA PA MAKOMA A KU NEWTOWN

 Madzulo ano ndifuna kuti tipite pamodzi ku Johannesburg, mzinda uja makolo athu anaucha Joni, kumene ambiri a iwo anapita ndi Wenela kukakumba golide. Koma ife sitilowa pansi ai. Tipita ku dera lina la pakati pa mzinda lochedwa Newtown, kumene amisiri ajambula zithunzi pa makoma ndi kuimika zosema m'mbali mwa miseu, kuti munthu ali yense wopita panjira azione wosalipira kanthu.

Poyamba tidziwe mbiri ya malowo. Golide atapezeka m'caka ca 1886, amphawi a mitundu yonse anadzamanga zisakasa kumeneko, ndipo ambiri anali kudya za kuumba njerwa. M'caka ca 1904 munabuka mliri wodza ndi makoswe. Akulu a mzinda anacotsa anthu m'komboni natentha nyumba zao, ndipo ambiri anawatengera ku Klipspruit, kutali ndi mzinda, kumene pambuyo pace kunakula Soweto. Malo otsalawo anawayesanso nawacha Newtown, ndiko kunena mudzi watsopano. M'caka ca 1913 anamangapo msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo, ndiponso komboni ya amuna ogwira nchito za mzinda.

Msika uja utasamuka, cinyumba cace cinatsala copanda nchito, kufikira m'caka ca 1976 pamene Barney Simon ndi Mannie Manim anatsegulamo nyumba ya masewero yochedwa Market Theatre. Masiku amenewo anali a tsankho loopsa, koma m'nyumbamo anthu akuda ndi Azungu anali kusewera ndi kupenyerera pamodzi. Oimba, olemba ndi ojambula anayamba kusonkhana pafupi, ndipo umo ndimo Newtown inasandukira mudzi wa amisiri.

Tsono mlendo akafika lero aona ciani? Pakati pa deralo pali bwalo lalikulu lochedwa Mary Fitzgerald Square. Mai ameneyu anali mlembi m'bungwe la Azungu a m'migodi, ndipo ataona amuna ambiri alikufa ndi cifuwa codza ndi fumbi la miyala, anakhala mtsogoleri wolimba mtima pa masitalaka. Bwalolo analicha dzina lace m'caka ca 1939. Pa bwalopo ndi m'miseu yapafupi amisiri, motsogozedwa ndi Americo Guambe, anaimika mitu ya anthu yoposa 500, yosemedwa pa mitengo yakale yoyala pansi pa njanji. Nkhope zace nzosiyana-siyana monga anthu a mu Afirika ali osiyana. Taganizani, mitengo imene inasenza sitima zaka zambiri, ndiyo yasanduka nkhope zokumbutsa anthu amene anadza ku Joni pa sitima.

Pambali pa bwalolo papita mseu waukulu wa M1, womangidwa m'mwamba pa nsanamira za simenti. Nsanamirazo ndi makoma apafupi nzodzaza ndi zithunzi: nkhope za oimba, nyama, mbalame, ndi maina olembedwa mopotana. Zambiri zinajambulidwa pa cikondwerero ca nyimbo za anyamata cochedwa Back to the City, cimene cinayamba m'caka ca 2007.

Kapena wina afunsa kuti, munthu ajambula bwanji nkhope yaitali ngati nyumba, iye ali pafupi ndi khoma wosatha kuiona yonse? Njira imodzi ndi iyi. Ayamba wajambula cithunzi cacing'ono pa pepala, nalembapo mizere yopingasa ndi yoimirira, kuti pepala ligawike timabwalo. Pa khoma alembanso mizere yomweyo, koma mabwalo ace akulu. Atatero akwera pa nsanja, nasamutsa za m'kabwalo kamodzi kuziika m'bwalo lace la pa khoma, kufikira zonse zitakumana. Ena apaka ndi burashi, koma ambiri apopera utoto wa m'zitini, umene uuma msanga. Wojambula wolongosoka ayamba wapempha mwini khoma, pakuti kupaka pa nyumba ya mwini wosapempha ndi mlandu. Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Amai athu kumudzi akazira nyumba amakometsa khoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, kuti odutsa akondwe.

Kunja pang'ono kwa Newtown, pafupi ndi ulalo wa Queen Elizabeth, anaimika cosema cochedwa Fire Walker, ca William Kentridge ndi Gerhard Marx, m'caka ca 2009. Msinkhu wace ndi mamita 11, ndiwo mapazi ngati 36. Ukacidzera kumbali uona zidutswa za citsulo zakuda ndi zoyera, zomwazika ngati zopanda mutu. Koma ukaima pamalo pace poyenera, zidutswazo zilumikizana, ndipo uona mai wosenza mbaula ya moto pamutu, monga acitira amai ootcha cimanga m'miseu. M'Newtown mwenimweni anaimikanso zosema za oimba awiri, Brenda Fassie ndi Kippie Moeketsi woliza saxophone.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Kale m'mizinda yotere munali kuima zosema za akazembe ndi eni cuma okha-okha, ngati kuti mzinda unamangidwa ndi anthu khumi. Amene anaumba njerwa, kukumba miyala ndi kusesa miseu analibe nkhope pena pali ponse. Zithunzi za ku Newtown zibweza anthu wamba pa maso pa onse. Komboni ija ya 1913 iripobe, ndipo m'caka ca 2010 anaitsegula monga nyumba yosungiramo mbiri ya anchito, yochedwa Workers' Museum. M'menemo mwana aona ndi maso ace makama a simenti amene amuna anali kugonapo mothithikana, kutali ndi akazi ndi ana ao.

Komatu tisaiwale mabvuto ace. Ca panja ndi ca onse, ndipo ca onse kawiri-kawiri cisowa mwini. Dzuwa lifwifwitsa utoto, mvula ibvunditsa mtengo, ndipo mitu ina ija inaonongeka, ina inabedwa, kotero kuti amisiri anaitanidwanso kudzaikonza. Cinanso, utoto suchinga denga lodontha, ndipo supatsa munthu nchito. Mzinda umene ukometsa makoma nuiwala anthu ogona pansi pa makomawo wacita theka lokha la nchito yace.

Tsono mawa popita ku nchito, tayang'anani makoma a m'tauni yanu, a pa msika, a pa holo, a pa sukulu. Mudzifunse kuti, adzukulu athu akadzapita pano adzaona nkhope ya yani? Ngati pali mnyamata pakati panu amene ajambula ndi makala pa khoma la kicini, musafulumire kumlanda makalawo. Mumfunire pepala.