Kodi mumadziwa kuti Wi-Fi ya m'ndege ikhoza kukhala msampha?

Wi-Fi yaulere imene yatuluka pafoni yanu ikhoza kukhala ikuchokera m'chikwama cha munthu amene mwakhala naye moyandikana.

Mu Epulo 2024, ogwira ntchito m'ndege ina ku Australia anaona netiweki yokayikitsa ndege ili m'malere. Apolisi atasecha katundu wa bambo wina pabwalo la ndege la Perth, anapeza kachipangizo kotulutsa Wi-Fi, laputopu ndi foni. Mkuluyu ankabera maina a netiweki zenizeni, ndipo aliyense wolowapo ankauzidwa kuti ayambe walemba imelo ndi pasiwedi yake.

N'chifukwa chake apaulendo ena amanyamula rauta yawoyawo, kanthu kochepa ngati sopo wosambira. Rautayo ndi imene imalumikizana ndi Wi-Fi ya pagulu, monga ya kuhotela, pamene foni ndi laputopu zimabisala kumbuyo kwake. Mukaitchera VPN, zonse zimene mukutumiza zimayenda zobisika, moti wokuzondani amangoona zilembo zopanda mutu.

Koma rauta si sing'anga ayi. Mukalemba nokha pasiwedi patsamba labodza, yapita basi, ngakhale VPN itayaka.