Kukondwerera zaka 50 pa Sapitwa: zomwe thupi limakumana nazo m'phiri

Kukacha bwino ku Thyolo, munthu ataima m'minda ya tiyi ya ku Satemwa amaliona phiri la Mulanje chakum'mawa ngati lili pafupi. Nsonga yake, Sapitwa, ili pamtunda wa mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Anthu ena akamakwanitsa zaka 40, 50 kapena 60 amasiya zobwereka holo ndi zimkuzamawu, n'kuganiza zokadulira keke pamwamba pomwepo.

Ulendowu ndi wotheka, ndipo achikulire ambiri amauyenda bwinobwino. Koma kukonzekera kwake kumayambira kuchipatala.

Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Matendawa nthawi zambiri samveka m'thupi: munthu amadya, kugwira ntchito ndi kuseka monga mwa masiku onse, kwinaku mitsempha ndi mtima zikutopa. Pokwera chitunda mtima umagunda kwambiri kuti magazi afike m'miyendo, ndipo apa mpamene vuto lobisika limaonekera. Kuyezetsa BP kumatenga mphindi zochepa pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena pa Malamulo ku Makwasa. Ngati manambala akufika pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyanasiyana, m'pofunika kuyamba mwakambirana ndi adokotala. Amene ali ndi shuga, mphumu, kapena amamva kupweteka pachifuwa akakwera kamtunda ayenera kunena zimenezi asanamange chikwama.

Zaka nazo zimatenga gawo lawo. Mlingo womwe mtima ungafike pogunda umatsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Kawerengedwe kongoyerekeza n'kuchotsa zaka za munthu pa 220: mnyamata wa zaka 20 amafika cha m'ma 200 pa mphindi, pamene wa zaka 50 amalekezera cha m'ma 170. Minofu imayamba kuchepa munthu akadutsa zaka 30, makamaka ngati tsiku lake limathera pampando.

Apa anthu a ku Thyolo ali ndi mwayi, chifukwa dera lawo ndi la zitunda zokhazokha. Tangoonani mayi wothyola tiyi nyengo ya dzinja. Dengu lili kumsana, manja onse awiri akubudula nsonga zanthete, iye akukwera ndi kutsika m'mizere yoterera kuyambira m'mawa, dengulo likulemerabe mpaka kukafika nalo pa sikelo. Miyendo ndi msana wake zinazolowera kale ntchito yomwe phiri limafuna. Kalaliki wa mu ofesi kapena mphunzitsi amafunika kuzipangira dala mphamvu zotero. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo wofuna Sapitwa angayambe ndi kuyenda ndawala m'misewu ya pakati pa minda, chikwama kumsana, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Esiteti ya Satemwa, yomwe anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923, ili ndi njira zokwera kulowera ku phiri la Thyolo, ndipo alendo amayendamo akapempha chilolezo. Poyeserera, liwiro labwino ndi lomwe munthu angathe kulankhula chiganizo chonse popanda kubanika.

Ulendo weniweni ambiri amauyambira pa Likhubula, pomwe amalembetsa ku ofesi ya za nkhalango n'kupeza wolondolera njira ndi onyamula katundu. Anyamatawa ndi omwe amathamanga mpikisano wa Porters Race, choncho mlendo asayese kulimbana nawo liwiro. Iwo eni amangoti, "Pang'onopang'ono, bambo, tikafika." Okwera Sapitwa amagona pa nyumba ya Chisepo, kenako amalawirira m'mamawa kukakwawa m'miyala ikuluikulu yopita kunsonga.

Pamtunda wa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka, moti pakupuma kamodzi munthu amalandira pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a okosijeni yemwe akadalandira m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ena akadutsa mamita 2,500 amamva mutu, nseru, chizungulire ndi kusowa tulo. Pa Mulanje izi sizikula kawirikawiri chifukwa anthu sakhalitsa pansonga, ndipo zikayamba, kutsika kumathandiza.

Choopsa kwambiri m'phirili ndi chisanu. Pa mamita 1,000 aliwonse omwe munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, kutanthauza kuti pa Sapitwa pamazizira ndi madigiri 13 kapena 14 kuposa m'minda ya tiyi. Onjezanipo chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza ija imene anthu a ku Thyolo amaidziwa bwino m'miyezi yozizira, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. M'munda chiperoni chimangotumiza anthu kukaotha moto, koma m'phiri chimabisa njira pa mphindi zochepa n'kunyowetsa zovala. Chovala chathonje chikanyowa sichiuma msanga, ndipo mphepo ikamawomba chimachotsa kutentha m'thupi mofulumira.

Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, munthu amanjenjemera kosalekeza, zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato, lilime limalemera, ndipo amayamba kuganiza mosokonekera. Anzake angamuyese woledzera. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zinthu zafika poipa kwambiri. Wotere amafunika kumubisa ku mphepo, kumuvula zonyowa, kumufunditsa, ndi kumupatsa tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumeza. Mowa ayi. Kachasu kapena waini wa phwando amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukutuluka.

Mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, anasiya womulondolera n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atavala zopepuka. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa milungu yoposa iwiri. Anamwalira ndi kuzizira. Nkhani yake inapangidwa filimu mu 2017. Anali wamphamvu ndi wozolowera maulendo.

Kutsika kuli ndi mavuto akenso. Pa sitepe iliyonse yotsetsereka bondo limalandira kulemera koposa thupi lonse kangapo, ndipo miyendo yotopa siichedwa kuphonya mwala. Ndodo, masitepe aafupi ndi nsapato zomwe munthu anaziyendera kale zimathandiza. Nsapato yatsopano yogulira tsiku lobadwa imangobweretsa matuza. M'chikwama musasowe jekete losalowa madzi, chipewa, tochi, mtedza, nthochi, mbatata yophika, paketi ya Thanzi ndi madzi okwanira, chifukwa kukazizira ludzu silimveka ngakhale thukuta likutuluka. Amene amamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV awanyamule m'thumba lawo, ndi ena apadera a tsiku limodzi kapena awiri ngati nkhungu ingawatsekere m'nyumba ya m'phiri.

Miyezi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Wobadwa mu Januwale kapena Febuluwale angachite bwino kudya keke kunyumba n'kusunga ulendo, chifukwa m'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'mbali mwa phirili, anthu ambiri a ku Mulanje ndi Phalombe n'kutaya miyoyo.

Munthu akabwerera kwawo, ntchafu zimapweteka kwambiri tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako zimaleka zokha. Koma thupi likatentha, mutu n'kumawawa patapita sabata imodzi kapena ziwiri, asanamizire phiri: udzudzu wa m'munsi, komwe anagona asanakwere, ukhoza kukhala utamupatsa malungo, ndipo ayenera kukayezetsa magazi tsiku lomwelo.