Kudula Matailosi a Porcelain Popanda Kubenthula

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa kapena kukonzedwanso ku Mbedza, ku Chinamwali ndi ku Matawale sizikukhalanso ndi simenti yopaka polishi wofiira imene inali yofala pamene Zomba anali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Eni nyumba akufuna matailosi, ndipo ambiri akusankha a porcelain chifukwa cha chinyezi chimene chimachuluka m'tsinde mwa phiri la Zomba nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni. Matailosi amenewa amapangidwa ndi dongo loyera lotchedwa kaolin, la mtundu umene umapezekanso ku Linthipe m'boma la Dedza, losakanizidwa ndi mchenga wa quartz ndi mwala wa feldspar, ndipo amawotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,200 mpaka feldspar atasungunuka n'kutseka timibowo ta m'dongomo. Malinga ndi muyezo wa ISO 13006, tailosi ya porcelain siyenera kumwa madzi oposa 0.5 peresenti ya kulemera kwake, pomwe matailosi wamba a pakhoma amamwa oposa 10 peresenti.

Kulimba kwa porcelain n'kumene kumasautsa mmisiri amene anazolowera matailosi ofewa, pakuti porcelain amaphwanyika ngati galasi akakakamizidwa, ndipo m'mphepete mobenthuka simungakonzedwenso. Podula mowongoka, chida choyenera ndi makina a pamanja okhala ndi kagudumu kachitsulo cholimba cha tungsten carbide, kamene sikadula tailosi koma kamangokanda mzere pamwamba pake kuti ikapanikizidwa ithyokere pomwepo. Mzerewo umakandidwa kamodzi kokha, ndi mphamvu yofanana kuchokera kumphepete mpaka kumphepete, chifukwa kubwereza kumasiya tinjira tiwiri kapena titatu ndipo mng'alu umasochera. Kachidutswa kopyapyala kosakwana masentimita awiri kawirikawiri sikathyoka bwino mwa njira imeneyi.

Amisiri ambiri mu Zomba amadalira galayinda, ndipo zolakwika zochuluka zimayambira pa disiki imene aikapo. Disiki ya mipata m'mphepete, imene imagwira bwino pa konkire ndi njerwa, imamenya tailosi pa mpata uliwonse, ndipo poti galayinda ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, m'mphepete mwa tailosi mumatsala mano okhaokha. Yofunika ndi disiki yopyapyala ya dayamondi, yosadukiza m'mphepete. Disiki yotere imapera tailosi pang'onopang'ono ndi timiyala ta dayamondi tomatidwa m'chitsulo, choncho kuikankha ndi mphamvu sikufulumizitsa ntchito koma kumangoitenthetsa. Mmisiri wodekha amagoneka tailosi chagada pa thabwa losalala, amayamba wakanda kamzere kosaya m'litali monse, kenaka amabwerezabwereza mpaka kutulukira kunsi, ndipo amachepetsa liwiro pofika kumapeto, pakuti ngodya yomaliza ndiyo imakonda kuthothoka. Disiki ikayamba kuthetheka moto ndi kukana kulowa, nthawi zambiri imakhala isanathe; chitsulo chimangokhala chaphimba dayamondi, ndipo kuidutsitsa kangapo m'njerwa yootcha kumavundukula timiyala tatsopano.

Malo ovuta koposa ndi pa felemu ya chitseko ndi pozungulira mapaipi a m'bafa. Pochotsa chidutswa cha ngodya, mizere iwiri ikakumana mosongoka mphamvu yonse imasonkhana pa nsongapo, ndipo mng'alu ungaonekere patapita milungu tailosi itayalidwa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kuboola kabowo pamene mizereyo idzakumanire, kuti ngodyayo ikhale yoburungira. Mabowo a mapaipi amabooledwa ndi chobowolera cha dayamondi chonga kachitini, chimene chimayambitsidwa chopendekeka kuti chisaterereke n'kuwongoledwa chikagwira, ndipo dirilo siiikidwa pa kamenyedwe ka nyundo.

Kudula kwabwino kumayambanso tailosi isanakhudzidwe, pamene chipinda chikuyezedwa, kuti mbali zodulidwa zigwere kukhoma kumene zidzabisike ndiponso kuti pakhomo pasatsale kachidutswa kowonda. Popeza matailosi ambiri ogulitsidwa m'Malawi amachokera kunja, monga ku China ndi ku India, kumene mizinda ya Foshan ndi Morbi imatchuka ndi mafakitale ake, mtundu umene wagulidwa lero ungasowe mwezi wamawa ngakhale ku Limbe, ndipo wina wofanana dzina ungasiyane maonekedwe. Kuwonjezera 10 peresenti pa muyezo wa chipinda n'kotchipa kusiyana ndi kusakasaka bokosi limodzi pambuyo pake.

Nkhani imene imanyalanyazidwa kwambiri ndi ya fumbi. Fumbi loyera limene limafuka podula porcelain mouma lili ndi silica, amene amakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa matenda osachiritsika a silicosis, omwenso amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Amalawi ambiri amene anapita ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba anabwerako ndi nthenda imeneyi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi odwala silicosis ndi TB. Makina odulira okhala ndi thanki ya madzi amatsekereza fumbi ndi kuziziritsa disiki, koma kuthira madzi a m'botolo pa galayinda wamba, monga ena amachitira, n'kuitana ngozi ya magetsi a mavoti 230. Pamene makina amadzi palibe, ntchitoyo ichitikire panja, kutali ndi ana ndi zophika, mmisiri atavala magalasi ndi masiki ya N95 kapena FFP2, pakuti kansalu komanga pamphuno sikagwira fumbi losalala chonchi, ndipo lotsala pansi liwazidwe madzi lisanasesedwe.