“Mwamva?” ndi funso losakwanira: zimene ndinaona m'kagulu ka ana asanu ku Mulanje

Amene tinaphunzira pulayimale ya boma timaidziwa nyimbo iyi. Aphunzitsi awerenga ndime, kenako afunsa, “Mwamva?” Kalasi yonse, “Eeeee!” Ndipotu anawo sakunama ayi. M'Chichewa mneni woti kumva amasenza katundu wambiri: timamva phokoso, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso tanthauzo. Mwana amene mawu angomulowa m'khutu ali ndi ufulu wonse woyankha kuti wamva. Chimene aphunzitsi akufuna ndi kumvetsa, ndipo kamphatikiram'tsinde ka -ets- kameneka ndi komwe kamasowa mu “eee” wa chikhamu.

Chaka chatha ndinakhala masabata angapo pasukulu ina kufupi ndi Chitakale, ndikutolera zofunika pa kafukufuku wanga. M'Sitandade 3 munali ana opitirira 100, zomwe sizachilendo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Madamu a kalasiyo amatsatira ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe boma linayambitsa mu 2016 mothandizidwa ndi USAID: maliwu, malembo, maphatikizo, kenako mawu ndi ziganizo. Njirayi imayenda bwino m'Chichewa chifukwa malembo athu sanama kawirikawiri. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa iwo. Mwana akagwira ba be bi bo bu, posakhalitsa amatha kutchula mawu aatali amene sanawaonepo.

Vuto labisala pomwepo. Kutchula n'kosavuta moti mwana akhoza kuwerenga tsamba lonse mosadodoma, m'mutu mulibe chithunzi chilichonse.

Tsiku lina madamu anandipatsa ana asanu, tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinalemba pakapepala kuti, “Mtengo wa chimanga wakwera.” Mtsikana wina anawerenga mwachangu, osaphonya lembo. Koma khutu langa linagwira kanthu: anakweza liwu pa -te-, monga timachitira tikamanena mtengo womera uja. Mtengo wa pamsika timautchula motsitsa liwu paliponse. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiye mawu awiriwa papepala ndi amodzi. N'chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Kuti utchule molondola uyenera kukhala utamvetsa kale chiganizocho.

Ndinamufunsa, “Iwe, wakwera ndani apa?” Anaganiza pang'ono, n'kuti, “Munthu wakwera mumtengo.” Mnyamata wa pambali pake anaseka. “Chimanga chili ndi mtengo wokwera iwe? Akunena ndalama, ngati ku Limbuli!” Mkangano unabuka, ndipo ine ndinangokhala chete. Atawerenganso, liwu la mtsikanayo linatsika lokha popanda womuuza.

M'kalasi ya ana 100 owerengera pamodzi, kusiyana kwakung'ono kotereku kumamira m'phokoso. Amphamvu amatsogola, ena amangotsatira milomo. Kwa ine phindu lalikulu la kagulu ndi limeneli: mphunzitsi amamva kamvekedwe ka mwana mmodzimmodzi, ndipo kamvekedweko kamaulula zimene zili m'mutu asanafunse n'komwe funso.

Panalinso china. Ana ambiri kuno ndi a m'mabanja a Chilhomwe, ngakhale chimene amalankhula tsiku ndi tsiku ndi Chichewa cha kum'mwera, osati chenicheni cha m'mabuku chomwe chinatsamira ku chigawo chapakati. Nditawalembera kankhani ka agogo akuphika kalongonda, sindinavutike kufunsa mafunso. Anayamba okha kunditsutsa kuti kalongonda saphika kanthawi kochepa choncho, amalezera ukapanda kutaya madzi.

Madamu nditawafotokozera anangopukusa mutu. “Achimwene, zabwino zimenezo, koma enawo 95 muwasiya ndi ndani?” Funso lawo ndi lolemera, ndipo sindinaliyankhe mokhutiritsa. Chimene tinayesa n'chakuti kalasi ikamalemba ntchito, iwo aziitana ana asanu kutsogolo kwa mphindi khumi, mawa ena asanu. Pa liwiro limeneli mwana aliyense amamvedwa payekha kamodzi pa masabata anayi.