Kodi Mumadziwa? Mtengo wa Webusaiti ya Bizinesi Yaing'ono

Kodi mumadziwa kuti dzina la webusaiti siligulidwa kotheratu? Mumachita lendi. Dzina lothera ndi .com limalipiridwa chaka ndi chaka, kawirikawiri madola apakati pa 10 ndi 20, ndipo simungalipiriretu zaka zoposa 10. Mukasiya kulipira, pakapita nthawi limabwerera pamsika, wina n'kulitenga. Ngakhale a Microsoft zinawaonekerapo. Mu December 1999 sanalipire dzina la passport.com, anthu ambiri n'kulephera kutsegula Hotmail, mpaka munthu wina amene sanali wa pakampanipo anawalipirira madola 35.

Kodi mumadziwa kuti mayinawa anali aulere mpaka 1995? Chaka chimenecho kampani ya Network Solutions inayamba kulipiritsa madola 100 pa zaka ziwiri. Mu 2019 dzina la voice.com linagulitsidwa madola 30 miliyoni.

Kodi mumadziwa kuti mawebusaiti oposa 40 mwa 100 alionse padziko lapansi amayendera WordPress, pulogalamu yaulere imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003? Ndiye wokupangirani webusaiti akatchula mtengo, sakukugulitsani pulogalamuyo ayi. Mukulipira nthawi yake ndi luso lake: kujambula katundu wanu poyera bwino, kulemba mawu omveka, kuchepetsa kulemera kwa zithunzi kuti tsamba litseguke msanga pa foni ya kasitomala amene bandulo yake yatsala pang'ono kutha. Ntchito imeneyi ndi yoyenera malipiro, ndipo kunenerera mtengo mpaka kumufinya wopangayo kumangobala tsamba limene munthu amalitseka lisanamalize n'kutseguka komwe.

Mtengo umakwera kwambiri mukafuna kuti anthu azilipirira pomwepo. Tsamba longoonetsa katundu, mitengo, nambala ya foni ndi kumene muli silivuta. Koma kulumikiza Airtel Money, Mpamba kapena khadi ya kubanki ndi ntchito inanso, ndipo oyendetsa malipirowo amadulapo yawo pa chilichonse chimene mwagulitsa. Ku America, kampani ya Stripe imadula 2.9 peresenti ndi masenti 30 pa malipiro alionse a khadi.

Kodi mumadziwa kuti chitetezo cha https mutha kuchipeza chaulere? Bungwe la Let's Encrypt lakhala likuchipereka osalipiritsa kuyambira 2015. Musachinyalanyaze, chifukwa kuyambira July 2018 Chrome imachenjeza anthu kuti tsamba lopanda https si lotetezeka. Mukachiona pa kotesheni, funsani chimene mukulipira kwenikweni.

Nanga mumadziwa kuti kugwa kwa kwacha kumafika mpaka pa webusaiti yanu? Tsamba limasungidwa pa makompyuta amene sazimitsidwa usana ndi usiku, ndipo malo osungirawa, amene amati hosting, nthawi zambiri amalipiridwa m'madola. Mu November 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira madola 100 pachaka anaona bilu ikudumpha kuchoka pa K118,000 kufika pa K170,000, pamene tsambalo silinasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Apa m'pamene mabizinesi ang'onoang'ono amagwira njakata, chifukwa amakonzekera ndalama yopangira, osati ya chaka chachiwiri.

Zodzipangira nokha monga Wix n'zosavuta kuyamba, koma tsamba lomangidwa kumeneko simungalinyamule lonse kupita nalo kwina. Mukafuna kuchokako, mumanganso.

Kodi mumadziwa kuti kuika shopu yanu pa Google Maps, ndi maola otsegulira komanso nambala ya foni, n'kwaulere? Kwa telala kapena wometa tsitsi, zimenezi pamodzi ndi WhatsApp Business zingakwanire kaye.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi: opanga mawebusaiti ena amalembetsa dzina la bizinesi yanu ngati lawo. Tsiku limene mwasemphana mawu, kapena foni yawo yasiya kupezeka, dzina limene munalemba pa chikwangwani ndi pa malisiti limapita nawo. Musanapereke dipoziti, onetsetsani kuti dzinalo lalembetsedwa kwa inu, pa imelo yanu, mapasiwedi onse akupatsani, ndipo akulemberani papepala ndalama zimene muzilipira chaka chilichonse.