Netiweki ikathawa ku Phalombe, amayamba kudziwa ndani?

Muli pa Migowi, bando mwagula kale, mukufuna kutumizira mayi ndalama pa Mpamba, basi timizere ta netiweki tonse zii. Ambirife timathamangira kuzimitsa foni n'kuyatsanso. Chonsecho nthawi zambiri foniyo ilibe mlandu, vuto lili pa nsanja.

Nsanja iliyonse, kaya ya TNM kaya ya Airtel, imadandaula yokha. Makina ake amatumiza uthenga kuchipinda choyang'anira netiweki, chimene mainjiniya amachitcha NOC: magetsi a ESCOM athima, jenereta yakana kulira, mabatire a mavoti 48 aja akutsika, wina watsegula chitseko pakati pa usiku. Zonsezi zimatulukira pa sikirini ngati maalamu, oopsa kwambiriwo ali ofiira.

Koma pulogalamu ya pakompyutayo siidziwa yokha kuti chachikulu n'chiti. Amaitchera ndi munthu, ndipo nkhani yagona pamenepa. Akaitchera kuti alamu izilira batire litatsala pang'ono kutheratu, mmisiri wonyamuka ku Blantyre adzapeza nsanja itazima kalekale. Chinanso, nsanja zambiri zakumidzi zimapatsirana netiweki kudzera pa timbale ta microwave mumationa pamwamba tija. Yapakati ikazima, zonse zodalira iyo zimangoti duu, maalamu n'kubwera ngati ngumbi. Pulogalamu yotcheredwa bwino imawasonkhanitsa n'kuloza gwero limodzi. Yotcheredwa mwachisawawa imatumiza galimoto kunsanja yomwe ilibe vuto, dizilo n'kupsa ulele.

Anthu a ku Phalombe akudziwa kuti izi si zocheza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa napolo m'mapiri, milatho inakokoloka, ku Nkhulambe kunakhala kosafikika ndi galimoto. EGENCO inazimitsa makina ku Nkula ndi ku Tedzani chifukwa cha zinyalala za mu Shire. Pa tsiku ngati limenelo nsanja imangodalira batire ndi mafuta amene alipo kale, ndipo foni ndiyo njira yotsala yoitanira thandizo. Akuluakulu sanaiwalenso napolo wa 1991.

Pamalonda n'zomveka kuti nsanja ya pakati pa Limbe, yomwe imalowetsa ndalama zambiri, ikhale patsogolo pamndandanda. Sindikutsutsa. Koma mndandandawo si mwala, amatha kuusintha pakompyuta. Dzinja likamayandikira, nsanja zotumikira Nkhulambe, Chiringa ndi madera ena a m'munsi mwa Michesi ndi Mulanje zikwezedwe, ndipo alamu ya dizilo izilira thanki ikadali theka, msewu usanaduke. MACRA, imene imayeza kale ubwino wa ntchito za makampaniwa, iziwafunsanso kuti akhala maola angati asanadzutse nsanja ya ku Phalombe, ndipo yankholo tiziliona boma ndi boma.